Khomo la Nkhwali ndi Phanga Losaiwala

Nkhwali, Mleme ndi Khwangwala ankakhala m'nkhalango imodzi, kunsi kwa phiri la miyala yoyera. Nkhwali anali wobisa zake, woti ngakhale mum'patse moni amayamba wayang'ana uku ndi uku asanayankhe. Mleme anali wosunga mwambo, ndipo akati iyayi ndiye kuti iyayi mpaka mawa. Khwangwala anali wamalonda wa pakamwa potsekemera, ndipo manyazi sankawadziwa n'komwe. Mkangano wa atatuwa unayamba ndi funso laling'ono: kodi wofunsa nzeru pagulu ayenera kutchula pamene pali khomo lake?

M'phirimo munali phanga, ndipo ine ndikafika pa nkhani ya phanga limeneli ndimayamba kutsitsa mawu. Kudenga kwake kunkalendewera miyala yosongoka yosawerengeka, ina yaifupi ngati chala, ina yaitali moti nsonga zake zinkatsala pang'ono kugunda pansi. Mwala uliwonse unali mawu a nyama ina yake. Nyama ikaima pakati pa phangalo n'kuyankhula, mawu ake ankakwera kudenga n'kukauma, ndipo m'mawa mwake pamalopo pankapezeka mwala watsopano ukudontha madzi.

Mwalawo ukaugogoda unkayankhula. Mawu ankayambira kutsinde, kudenga kuja, n'kumatsika mpaka kunsonga, m'liwu lenileni la mwini wake, kutsokomola ndi chibwibwi chomwe. Wina akayankha funso la mnzake, mwala wa yankholo unkamera pambali pa mwala wa funsolo. Choncho nkhani zinkalendewera m'magulumagulu ngati nthochi pa mkoko, ndipo aliyense anali ndi ufulu wolowa n'kumvetsera.

Woyang'anira phangalo anali Mleme, ndipo lamulo lake linali limodzi. Woyankhula aliyense ankayamba ndi dzina lake, kenako khomo lake, ndiye n'kunena chimene wadzera. Lamuloli silinali lopusa ayi. Kale nyama ina inanama m'phangamo kuti bowa wina wamawangamawanga ndi wodyedwa, agwape ambiri n'kufa naye, ndipo panalibe woti n'kukamufunsa chifukwa wabodzayo sanatchule dzina kapena kwawo.

Chaka china, mvula itangokata, mwana mmodzi yekhayo wa Nkhwali anadwala maso. Zikope zinatupa, manthongo osatha, ndipo tsiku lililonse masowo ankanka nacheperachepera. Nkhwali anayesa mame a m'mawa, anayesa kumupukuta ndi nthenga zake, koma osathandiza. Chimene ankachidziwa n'choti maso amenewo akatsekeka n'kukhalitsa, mwanayo sadzaonanso. Anamufunditsa udzu, napita kuphanga, kumene anali asanapondeko chibadwire.

"Odi kuno, a Mleme," anatero ali pakhomo.

"Lowani, Mayi Nkhwali," anayankha Mleme ali chizondoke kudenga. "Lero chakutulutsani m'tchire n'chiyani?"

Nkhwali anali atakweza mutu, kukamwa kuli yasa. Kuwala kwa dzuwa kunkalowera pa mng'alu wa kudenga n'kugwera pa miyala yonyowayo, ndipo phanga lonse linkanyezimira, madontho akugwa apa ndi apo ngati wina akuyesa kuimba chamumtima. Anakhala pansi osadziwa kuti wakhala.

Mleme ankakonda kuona alendo akuchita chonchi. Anauluka n'kukagogoda mwala waukulu kuposa yonse, ndipo munatuluka liwu lakuya limene Nkhwali analimva m'chifuwa asanalimve m'makutu. Anali Njovu amene anafa mlambe wa kudambo usanamere. Anatchula dzina lake ndi khomo lake, kenako anafotokoza modekha pamene nyama ingakumbe mumchenga wa mtsinje wouma n'kupeza madzi.

"Wakufa akuyankhula!" ananong'ona Nkhwali.

"Muno safa munthu," anatero Mleme monyada. "Palibe liwu limodzi limene linatayika, ndipo palibe limodzi limene ndinabisapo. Nenani vuto lanu. Muyambe ndi dzina, kenako khomo."

Apo Nkhwali anadzidzimuka. "Khomo? Pepani a Mleme, ife ankhwali sititchula chisa. Amayi anga sanauzepo ngakhale mng'ono wawo."

"Njovu anatchula. Mkango anatchula. Inu ndinu yani?" anafunsa Mleme. "Komanso wina akakhala ndi mankhwala, akupezani bwanji?"

Funso lomalizali ndi limene linamugonjetsa. Anaganiza za timaso ta mwana wake, naima pakati pa phanga. "Ine Nkhwali," anayamba. "Ndimakhala kuseri kwa chulu cha mthethe wopsa ndi mphenzi, pansi pa tsekera wogwa. Mwana wanga maso akutupa, akutsekeka. Wodziwa mankhwala andithandize." Anamva mawu ake akukwera kudenga, ndipo anabwerera kwawo ndi chiyembekezo.

Tsono panali mlendo wina amene sankajomba kuphangako, ndiye Khwangwala. Ankafika m'mawa uliwonse, kolala yake yoyera ili mbee, n'kumauluka mwala ndi mwala akugogoda. Mleme ankamuyamikira pamaso pa aliyense. "Onani a Khwangwala," ankatero, "nyama zonse zikanakhala zokonda kuphunzira chonchi, bwenzi nkhalango ino ili patali."

Mlemeyo, ndi makutu aakulu onse aja, sanamve chimene chinkachitika pamphuno pake. Khwangwala sankamvetsera mwala mpaka kunsonga. Ankangogogoda, kumva dzina ndi khomo, basi n'kudumphira mwala wina, mwini mawu akadali pakati pa chiganizo. Akatuluka ankakatera pa thanthwe pamene pankamudikira abale ake, khamu lakuda bii, n'kuwagawira makomowo mmodzimmodzi.

Posakhalitsa nkhalango yonse inadzaza ndi odi. Akhwangwala anamubweretsera Kamba mafuta odzola kumiyendo kuti azithamanga kuposa gwape. Nkhono anamulonjeza nyumba ya zipinda ziwiri. Sakhwi, ndi kamphuno kake kotalika kaja, anamuuza kuti amalume ake a Njovu amwalira kutsidya ndipo amusiyira dambo lonse, iye angopereka lichero la ngumbi kuti nkhani ya chuma iyambe. Sakhwi analira maliro a amalume amene sanawaonepo, ngumbi n'kupereka.

Kwa Nkhwali anafikanso. M'mawa wina anamva mapiko akutera pa chulu, kenako liwu lokoma ngati la mlamu wobwera kudzapempha.

"Odi, amayi athu! Tabwera ndi mankhwala!"

Nkhwali anaganiza kuti funso lake layankhidwa, ndipo anatuluka chothamanga osayang'ana n'komwe uku ndi uku. Khwangwala wamng'ono anamupatsa kaphukusi ka masamba, iye n'kupereka mapira onse amene anatola mwezi umenewo. Atamasula anapeza phulusa.

Asanathe kudandaula, kunabwera wina, kenako winanso. Wina anali ndi mankhwala okulitsa mchira, wina ochotsa imvi, ndipo wina anaumirira kuti agule a dzino likamawawa.

"Mwana wanga alibe mano!" anakuwa Nkhwali.

"Ndiye mugulire pamene adzamere, amayi," anayankha khwangwalayo osaphethira.

Apo m'pamene Nkhwali anazindikira kuti onsewo panalibe amene anamva funso lake. Ankangodziwa khomo. Analowa pansi pa tsekera, nafungatira mwana wake, nalumbira kuti sadzayankhanso odi wa aliyense. Kunja odi ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo diso limodzi la mwanayo linatsekeka.

Koma inalipo nyama imodzi imene inamvetsera mwala wa Nkhwali mpaka kunsonga. Anali Nungu, wokumba mizu, wosachuluka mawu. Iye ankaudziwa muzu wa matenda amenewo, ndipo anayenda ulendo wautali kukaukumba kuseri kwa phiri. Anafika nawo pa chulu cha mthethe ukadali wauwisi, dothi likadali lonyowa.

"Odi," anatero ndi liwu lake losasa. "Ndabwera ndi mankhwala."

Tsoka lake linali loti mawu amenewa ndi omwe akhwangwala ankanena tsiku lonse. Nkhwali sanasuzumire n'komwe.

"Chokani!" anakuwa ali m'kati. "Mwandidyera mapira, mukufunanso chiyani? Kagulitseni phulusa lanu kwina!"

"Mayi, ndi za mwana."

"Ndati chokani!"

Nungu anaima pang'ono, minga yake itagwa. Si nyama yokakamiza, ndipo anaona kuti akaumirira angoopseza mayi ndi mwana yemwe. Anatola muzu wake n'kutembenuka. Nkhwali anamvetsera mapazi akupita, ndipo anadziyamikira kuti lero wachenjera.

Phokoso la akhwangwala linaitananso wina amene sagulitsa kanthu. Ng'azi, wodya mazira ndi anapiye, anaona mbalame zakuda zikuzungulira chulu chimodzi tsiku ndi tsiku, nati pamenepo pali kanthu. Nkhwali anamva mimba ya Ng'azi ikukhwekhwereza pa masamba ouma, natulukira kumbuyo akukankha mwana wake ndi chifuwa. Pofika kuphanga nthenga zake zinali zitathothoka ndi minga, ndipo maso onse awiri a mwanayo anali atamatirira.

M'phangamo munali zii. Nyama zinali zitasiya kubwera kudzafunsa, poona kuti aliyense wotchula khomo sagonanso tulo. Mleme anali yekha kudenga, akudabwa kuti nyama za masiku ano zatani kuti zizidana ndi nzeru.

"A Mleme!" anakuwa Nkhwali, ndipo liwu lake linagunda makoma onse. "Munanditchulitsa khomo. Chisa ndilibe, mapira ndilibe, ndipo mankhwala sindinawaone!"

"Simunawaone bwanji?" anadabwa Mleme. "Munayankhidwa kalekale. Taonani."

Pambali pa mwala wa Nkhwali panali patamera mwala wina waufupi, wonenepa. Mleme anaugogoda, ndipo munatuluka liwu losasa.

"Ine Nungu. Ndimakhala kuuna wa pansi pa mkuyu wa kumtsinje. Mayi Nkhwali, ndinabwera kwanu ndi muzu, munandithamangitsa. Sindinakwiye. Muzuwo ndausiya kwa a Mleme. Muufinyire m'maso mwa mwana ukadali ndi madzi, zikope zisanamatirire. Musachedwe."

Nkhwali analizindikira liwulo pa mawu oyamba. Mleme anatsitsa muzu umene anausunga bwinobwino pa mwala wa pakona, ndipo unali utauma gwa ngati nkhuni.

"Masiku onsewa unali pano?" anafunsa Nkhwali motsitsa. "Inu muli ndi mapiko. Khomo langa mukulidziwa. Bwanji simunandibweretsere?"

"Ntchito yanga ndi yosunga," anatero Mleme. "Yonyamula si yanga." Koma ulendo uno mawu ake anatuluka ofooka, ndipo iye mwini anawamva kufooka kwake.

Pakhomo pa phangalo pankakhala Namzeze, mmisiri womanga ndi dothi, wosakonda kukhala pansi pamene pali chochita. Anamva zonse, ndipo sanadikire kutumidwa. Anaulukira kumkuyu wa kumtsinje napeza una uli pululu, chifukwa akhwangwala anali atamusamutsanso Nungu ndi malonda awo. Anazungulira nkhalango yonse mpaka anamupeza kumapiri, ndipo tsiku lotsatira Nungu anafika kuphanga ndi muzu wina wauwisi.

Nkhwali anagwada pamaso pake. "Pepani, bambo. Ndinkayesa ndinu mmodzi wa iwo."

"Dzukani, mayi," anatero Nungu. "Inenso dzana ndinathamangitsa mphwanga weniweni, ndimvekere ndi khwangwala." Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. "Kutupaku kuphwa. Za kuona sindilonjeza. Tiyese."

Anafinyira madzi a muzuwo pa zikope zomatirirazo, ndipo Nkhwali anakhala pakona ya phanga akudikira. Ali pomwepo, Khwangwala analowa monga mwa masiku onse, napereka moni waulemu kwa aliyense. Ulendo uno Mleme anamuyang'anitsitsa. Gogodo, dzina, khomo, kudumpha. Gogodo, dzina, khomo, kudumpha.

"A Khwangwala," anaitana Mleme, "mwakhala mukubwera muno nthawi yaitali. Tatiuzani, Njovu ananena kuti madzi tizikumba pati?"

"Njovu?" Khwangwala anapendeketsa mutu. "Ankakhala pa mitengo itatu ya mbawa, kumadzulo kwa dambo."

"Ndafunsa za madzi."

"Zimenezo ndiye sindinazimve."

"Nanga Mayi Nkhwali awa anafunsa chiyani?"

"Kuseri kwa chulu cha mthethe, pansi pa tsekera wogwa," anayankha Khwangwala mosangalala, ngati mwana wakhoza mayeso. Kenako anaona nkhope zawo, nakweza mapewa. "Nanga ndaba chiyani? Ndathyola chitseko cha yani? Makomowo munawapachika nokha poyera, ine ndangotola."

Wakubayo ankanena zoona. Khwangwala atatuluka, Mleme anadzikulunga m'mapiko ake. Zinamupweteka kwambiri kuti phanga limene ankalinyadira ndi limene linkadyetsa akhwangwala. Kenako anayankhula mwaukali wa munthu amene wachita manyazi.

"Ndilitseka. Ndiitana Njati agubuduzire thanthwe pakhomo, asalowenso aliyense."

Aliyense ankaganiza kuti Nkhwali avomera, koma iye ndi amene anakana. "Mukatseka, mayi wina mwana wake akadzadwala maso adzapita kuti?" anafunsa. "Yankho la a Nungu lili pamwambapo. Chilala chikabwera, mawu a Njovu ali pamwambapo. Chandipweteka ine si phanga. Ndi khomo langa lolendewera poyera."

"Ndiye tiswe miyala yonse ya amoyo," anatero Nungu.

Mleme anachita ngati amubaya. "Kuswa? Mawu akasweka saumbikanso!"

Namzeze anatuluka, ndipo posachedwa anabwera ndi dothi lofiira la kumtsinje kukamwa. Anakatera kutsinde kwa mwala wa Nkhwali, nafunsa Mleme kuti amuonetse pamene dzina lathera ndi pamene funso layambira. Pakati pamenepo anamata dothi kuzungulira mwala wonse, ngati lamba.

"Tagogodani," anatero.

Mleme anagogoda. "Ine Nkhwali," unatero mwala momveka bwino. Kenako panangomveka kung'ung'udza kwa pansipansi, kosamveka kanthu. Ndiye liwu linabwereranso loyera: "Mwana wanga maso akutupa, akutsekeka. Wodziwa mankhwala andithandize."

Dzina linalipo, loti wonama adziwike. Funso linalipo, loti wodziwa ayankhe. Khomo nalo silinasweke, linali m'kati mwa dothi, koma khutu la wodutsa silikanalitola.

"Nanga wofuna kubweretsa mankhwala adzapita kuti?" anafunsa Mleme.

"Adzabwera kwa inu," anayankha Namzeze. "Makomo onse muli nawo m'mutu. Atsopano azikunong'onezani m'khutu, asamakuwe pakati pa phanga. Wobweretsa chinthu azinena funso limene akuyankha, inu muzitiuza kopita, ife anamzeze tizinyamula."

"Ndinalumbira kuti sindidzabisa liwu limodzi," anatero Mleme.

Pakona paja mwana wa Nkhwali anatsokomola, napukusa kamutu kake kofuna kuona kumene kukuchokera mawu. Mleme anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake iyayi wake sanafike mawa.

"Itanani abale anu," anatero kwa Namzeze.

Zimene zinachitika m'mawa mwake, nyama za m'nkhalango imeneyo zimazisimbabe. Anamzeze anabwera kuchokera kumitsinje yonse, ochuluka moti mthunzi wawo unaphimba dambo, aliyense ndi kadothi kofiira kukamwa. Ankalowa m'phanga ngati utsi wokokedwa ndi mphepo, n'kuzungulira kudenga, n'kutulukanso, osagundana ngakhale awiri. Mleme ankauluka patsogolo akuloza: apa, apa, apa.

Mapiko awo ankakhudza miyala, ndipo miyala inayamba kuyankhula yokha. Choyamba umodzi, kenako khumi, kenako yonse. Njovu wakale, mikango imene mafupa ake anasanduka dothi, timbalame tosadziwika, amayi ofunsa za ana awo, okalamba olangiza za moto wolusa ndi za njoka, onse ankayankhula pamodzi, ndipo phiri lonse linkanjenjemera. Nyama zimene zinathamangira kudzaona zinaima pakhomo, ndipo ngakhale Nyani, amene sasowa chonena, anangogwira pakamwa.

Khwangwala anafika mochedwa, nadzipanikiza kulowa. Anagogoda mwala umodzi, namva dzina, kenako kung'ung'udza. Anagogoda wina, chimodzimodzi. Anayesa kujompha dothilo, koma anamzeze anamuunjirira mpaka anathawa nthenga zili nyankhalala.

Musaganize kuti zonse zinakonzeka. Makomo amene Khwangwala anatola kale anali nawobe m'mutu, ndipo dothi silikanawachotsa mmenemo. Kamba, Sakhwi ndi ena ambiri anasamuka, kusiya malo amene anabadwira. Mpaka lero akhwangwala amatera pa mabwinja n'kumakuwa odi pamene palibe woyankha.

Dzuwa litafika pamutu, kuwala kunalowa pa mng'alu uja n'kugwera kudenga. Miyala yoyera yosawerengeka ija inali itavala malamba ofiira, yonse ikunyezimira, anamzeze akuuluka pakati pake m'kuwalako. Nkhwali anali asanaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo anadziwa kuti sadzachionanso. Nthawi yomweyo anamva mwana wake akutakataka pansi pa phiko lake.

Kutupa kunali kutaphwa. Zikope zija zinamatuka pang'onopang'ono, ndipo maso onse awiri anatseguka.

"Watsegula!" anafuula Nkhwali. "A Nungu, watsegula! Mwana wanga, yang'ana kumwamba. Yang'ana msanga, asanapite!"

Mwanayo anakweza mutu. Anautembenuzira uku, anautembenuzira uko, kutsata phokoso la mapiko. Nungu anawerama n'kuyang'ana m'masomo, naona kuti ayera ngati mkaka, ndipo anabwerera m'mbuyo.

"Amayi," anatero mwanayo, "kucha liti? Nanga chikulira kumwambako n'chiyani?"

Mleme anabisa nkhope m'mapiko ake. Nkhwali, misozi ikutsika, anamukokera mwana wake pafupi.

"Ndi anamzeze, mwana wanga," anatero. "Khala chete ndikuuze. Kuli miyala yoyera, yambirimbiri, ndipo uliwonse aumanga lamba wofiira."

"Kufiira n'kotani, amayi? Ndaiwala."

Nkhwali anayamba kumufotokozera, ndipo anafotokoza mpaka namzeze womaliza anatuluka.

Phunziro

Nzeru zopindulira onse tiziike poyera, koma njira yofikira pakhomo pa munthu tiisunge mosamala. Amene amasunga zokambirana za gulu, kaya m'mabuku kaya pa intaneti, azikumbukira kuti si aliyense wobwera kudzawerenga amene akufuna kuphunzira. Ena amangotola maadiresi kuti azisokosa nawo eni ake, ndipo phokoso la onyenga likachuluka, munthu amathamangitsa ndi amene wabwera kudzamuthandiza yemwe. Bisani khomo lisanatoledwe, pakuti likatoledwa kale, kumata kumateteza obwera m'mbuyo okha.